Mphepo ikuloza kwina, madzi akulowera kwina: kodi mapu ndi olakwika?

Mphunzitsi wina wa jogalafe kusekondale walemba motere: "Buku limene timagwiritsa ntchito limangonena kuti mphepo ndi imene imayendetsa madzi a pamwamba pa nyanja zikuluzikulu zamchere. Koma ophunzira anga ataika mapu a mphepo pambali pa mapu a kayendedwe ka madzi, anaona kuti mivi yake sikuloza kofanana, ndipo malo ena madzi akuyenda mopingasa njira ya mphepo. Mtsikana wina anafunsanso kuti ngati ndi mphepo, bwanji madziwo saima mphepo ikaleka kuwomba? Ndinasowa choyankha. Kodi olakwika ndi mapu kapena buku? Ndipo popeza tikukonza zodzapita ndi ophunzirawa kugombe la nyanja yamchere, pali zimene ndiyenera kusamala nazo?"

Aphunzitsi, khazikani mtima pansi, chifukwa buku silinaname ndipo mapu nawonso ndi olondola. Chimene chachitika n'chakuti bukulo lapanikiza nkhani yaitali m'chiganizo chimodzi, ndipo ophunzira anu, pongoyerekeza mapu awiri, agwera pa funso lomwe linazunguza mitu ya akatswiri mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mphamvu yoyendetsa madziwo imachokeradi ku mphepo, koma kumene madziwo alowere kumadalira zinthu zina ziwiri, zomwe ndi kuzungulira kwa dziko lapansi ndiponso makontinenti amene aima motchinga njira.

Tiyambe ndi mmene mphepo imagwirira madzi. Madzi a m'nyanja amalemera kuwirikiza pafupifupi ka 800 kuposa mpweya wochuluka mofanana nawo, choncho mphepo singawakankhe ngati mmene munthu amakankhira katundu. Imangokhula pamwamba pake n'kudzutsa timafunde ting'onoting'ono, ndipo timafundeto ndi timene timaipatsa pogwira kuti ikoke madzi a pamwamba penipeni. Kawirikawiri madzi amenewa amayenda pa liwiro la magawo pafupifupi atatu pa 100 alionse a liwiro la mphepoyo, kutanthauza kuti mphepo ya makilomita 36 pa ola imayendetsa madzi pafupifupi kilomita imodzi pa ola. Chofunika kukumbukira n'chakuti mphepo ikawirikiza liwiro lake kawiri, mphamvu yake yokoka madzi imawirikiza pafupifupi kanayi, n'chifukwa chake madera a mphepo yamkuntho ali ndi gawo lalikulu pa kayendedwe ka nyanja kuposa madera a kamphepo kayaziyazi.

Munthu amene anaona bwinobwino zimene ophunzira anu aona anali Fridtjof Nansen wa ku Norway. Pakati pa 1893 ndi 1896, sitima yake yotchedwa Fram inasiyidwa dala kuti igwidwe m'madzi oundana a ku Arctic n'kumatengeka nawo. Nansen anazindikira kuti madzi oundanawo sankatsatira mphepo ndendende, koma ankapatukira kudzanja lamanja kwa madigiri 20 mpaka 40. Funsoli linafika kwa Vilhelm Bjerknes, katswiri wa fizikisi wa ku Norway, amene analipereka kwa wophunzira wachinyamata wa ku Sweden, Vagn Walfrid Ekman, ndipo mu 1905 Ekman anafalitsa masamu ofotokoza chimene chimachitika.

Gwero la kupatukako ndi lakuti dziko limene timaimapo poyang'ana zinthu likuzungulira. Chinthu chilichonse choyenda mtunda wautali kwa nthawi yaitali, kaya ndi mpweya kaya ndi madzi, chimaoneka chikukhotera kudzanja lamanja ngati chili kumpoto kwa ikweta, ndipo chimakhotera kumanzere ngati chili kum'mwera kwake. Kukhota kumeneku kumadziwika ndi dzina la Gaspard-Gustave de Coriolis wa ku France, amene anakufotokoza mu 1835. Pa ikweta penipeni kulibe, ndipo kumanka kukula munthu akamayandikira kumpoto kwenikweni kapena kum'mwera kwenikweni kwa dziko. Mfundo yomalizayi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Zimene Ekman anapeza mungazione motere. Tengani mulu wa mapepala, muike chikhatho pa pepala la pamwamba n'kulikankha pang'ono: pepala limenelo limakoka lachiwiri, lachiwiri n'kukoka lachitatu, ndipo lililonse limasuntha pang'ono kuposa la pamwamba pake. M'nyanja zimayendanso choncho, kungoti gawo lililonse la madzi likakokedwa ndi la pamwamba pake, limapatukiranso pang'ono kumanja, ngati tili kumpoto kwa ikweta. Malinga ndi masamu a Ekman, madzi a pamwamba amapatuka madigiri 45 kuchoka pa njira ya mphepo, otsatira amapatuka kuposa pamenepo koma ali ofookerapo, mpaka pa kuya kwa mamita makumi angapo, nthawi zina kufika pa 100, pamene mphamvu ya mphepo imatheratu. Mukaphatikiza madzi onse a m'gawo limeneli, mupeza kuti akusamukira mopingasa mphepo, madigiri 90 kumanja kumpoto kwa ikweta, ndi madigiri 90 kumanzere kum'mwera kwake. Tikamapima panyanja penipeni, kupatuka kwa pamwamba kumachepa kuyerekeza ndi madigiri 45 aja, mofanana ndi zimene Nansen anaona, koma kusamuka kopingasa kwa madzi onsewo kumatsimikizika nthawi ndi nthawi. Ili ndilo yankho loyamba kwa ophunzira anu.

Tsopano bwererani pa mapu a mphepo aja. Pakati pa ikweta ndi madigiri pafupifupi 30, mphepo zimawomba chaka chonse kulowera chakumadzulo, pamene pakati pa madigiri 30 ndi 60 zimawomba kulowera kum'mawa. Tengani chitsanzo cha kumpoto kwa nyanja ya Atlantic. Mphepo yolowera kumadzulo imasamutsira madzi kumanja kwake, komwe ndi kumpoto, pamene yolowera kum'mawa imawasamutsira kumanja kwake, komwe ndi kum'mwera. Madzi ochokera mbali ziwirizi amakumana pakati n'kuunjikana, moti pakati pa nyanja pamakhala chitunda cha madzi chotalika pafupifupi mita imodzi koma chotambalala makilomita masauzande ambiri. Munthu ali pa sitima sangachione ndi maso, koma masetilaiti opima msinkhu wa nyanja, kuyambira pa TOPEX/Poseidon imene inatumizidwa m'mlengalenga mu 1992, amachionetsa bwinobwino.

Madzi a pa chitunda amafuna kutsetserekera kunsi monga madzi alionse. Koma akangoyamba kutsetsereka, kuzungulira kwa dziko kumawakhotetsera kumanja, ndipo mapeto ake amangoyenda mozungulira chitundacho osafika kunsi kwake. Umu ndi mmene mumabadwira kuzungulira kwakukulu kumene akatswiri amakutchula kuti gyre. Malo akuluakulu oterewa alipo asanu: awiri mu Atlantic, awiri mu Pacific, ndi amodzi mu Indian Ocean. A kumpoto kwa ikweta amazungulira motsata mivi ya wotchi, a kum'mwera amazungulira mosemphana nayo. Choncho mivi yambiri imene ili pa mapu anu a madzi sikusonyeza madzi amene mphepo ikuwakoka pamalo pomwepo, koma madzi amene akuzungulira chitunda chimene mphepo inaunjika kwa zaka zambiri.

Apa ndi pamene pali yankho la mtsikana uja, ndipo funso lakelo ndi lakuthwa kuposa mafunso ambiri amene ndimalandira kwa anthu akuluakulu. Mphepo ikaleka kwa sabata imodzi, chitunda chija sichiphwa, chifukwa madzi ake ndi ochuluka zedi ndipo palibe chokhulana nacho champhamvu choti chiwaimitse msanga. Madzi amatsatira mphepo ya nyengo yaitali, osati ya lero. Ngakhale madzi a pamwamba penipeni saima nthawi yomweyo. Pa ntchito yathu yofufuza za nyanja timaponya m'nyanja timakina toyandama, tokhala ndi kampira pamwamba ndi thumba lalitali lansalu lobowokabowoka limene limalendewera pa kuya kwa mamita pafupifupi 15, n'cholinga choti kachipangizoko kazitengeka ndi madzi osati ndi mphepo. Timakaponya kuchokera kumbuyo kwa sitima kali komangidwa ndi timapepala tosungunuka m'madzi, timapepalato tikanyowa thumba lija limafunyululuka n'kumira, ndipo kuyambira pamenepo kampirako kamatumiza malo ake kudzera pa setilaiti. Mkuntho ukangodutsa, njira imene kachipangizoko kamajambula pa kompyuta imakhala ya timikombero totsatizana, chifukwa madzi amene anakankhidwa akupitirizabe kuyenda kwinaku akukhota. Pa madigiri 30 kuchokera pa ikweta, mkombero umodzi umatenga pafupifupi maola 24, ndipo timikomberoto timatha masiku angapo tisanazilale.

Ophunzira atcheru adzaonanso chinthu china pa mapuwo, chakuti kuzungulira kuja sikofanana mbali zonse. Kumadzulo kwa nyanja iliyonse kuli mtsinje wa m'nyanja wopapatiza, wakuya ndi wothamanga: Gulf Stream kufupi ndi United States, Kuroshio kufupi ndi Japan, Agulhas kum'mawa kwa South Africa, komanso ina yofookerapo kufupi ndi Brazil ndi kum'mawa kwa Australia. Kum'mawa kwa nyanja madzi amabwerera pang'onopang'ono m'dera lotambalala kwambiri. Henry Stommel wa ku United States anasonyeza mu 1948 kuti chochititsa ndi mfundo ija ndinati muisunge, yakuti kukhota kwa Coriolis kumasintha malinga ndi kutalikirana ndi ikweta. Kusinthaku kumasunthira nsonga ya chitunda chakumadzulo, mbali imeneyo n'kukhala yotsetsereka kwambiri, ndipo madzi onse amene anayenda mwakachetechete m'dera lalikulu amabwerera kudzera pa mpata wochepa.

Kukula kwa mitsinje imeneyi n'kovuta kukulingalira. Gulf Stream ndi yotambalala makilomita pafupifupi 100, imafika liwiro la mamita awiri ndi theka pa sekondi, ndipo podutsa pakati pa Florida ndi Bahamas imanyamula madzi okwana makyubiki mita pafupifupi 30 miliyoni pa sekondi iliyonse. Mitsinje yonse ya pamtunda ikaphatikizidwa imangopitirira pang'ono 1 miliyoni, ndipo Amazon, womwe ndi waukulu kuposa yonse, umathira makyubiki mita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Amalinyero anaidziwa mitsinje ya m'nyanjayi kalekale masamu ake asanapezeke. Juan Ponce de León anakumana ndi Gulf Stream mu 1513 pamene zombo zake zinkabwerera m'mbuyo ngakhale mphepo inali yabwino, ndipo cha m'ma 1770 Benjamin Franklin anajambulitsa mapu ake mothandizidwa ndi Timothy Folger, mlenje wa anamgumi wa ku Nantucket, atadabwa kuti zombo zonyamula makalata kuchokera ku England zinkachedwa milungu iwiri kuposa zamalonda. Zombo za makalatazo zinkalimbana ndi mtsinjewo, pamene zamalonda zinkaudziwa n'kumaupewa. Mtsinje wa m'nyanja waukulu kuposa yonse uli kum'mwera kwenikweni, kumene kulibe kontinenti yotchinga: mphepo zamphamvu zolowera kum'mawa zimayendetsa madzi opitirira makyubiki mita 100 miliyoni pa sekondi mozungulira Antarctica yense.

Mbali imene ine ndimaona kuti ndi yofunika kwambiri kuiphunzitsa, ngakhale mabuku ambiri amangoidutsa, ndi zimene kusamuka kopingasa kuja kumachita m'mphepete mwa nyanja. Ku Peru, mphepo imawomba motsata gombe kuchokera kum'mwera kulowera kumpoto. Popeza dzikolo lili kum'mwera kwa ikweta, madzi a pamwamba amasamukira kumanzere kwa mphepoyo, komwe ndi kutali ndi gombe, ndipo malo amene asiya amadzazidwa ndi madzi ozizira otumphuka kuchokera pa kuya kwa mamita 100 kapena 200. Madzi a pansiwa ali ndi michere imene inamira kuchokera ku zamoyo zakufa, ndipo ikafika pa kuwala kwa dzuwa imameretsa tizomera tosaoneka ndi maso tomwe ndi chakudya cha tinsomba ting'onoting'ono. Zomwezi zimachitika kugombe la Namibia, la California, ndi la kumpoto chakumadzulo kwa Africa. Madera anayiwa sakwana gawo limodzi pa magawo 100 a nyanja zonse, koma amatulutsa pafupifupi limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'nyanja zamchere. Madzi ozizira omwewo amaziziritsa mpweya wa pamwamba pake kuti usakwere n'kupanga mitambo ya mvula, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zipululu za Atacama ndi Namib zilili pafupi penipeni ndi nyanja.

Mphepo ikasintha kwa miyezi yambiri, madzi amasinthadi. Mu Pacific, mphepo zolowera kumadzulo zimaunjika madzi ofunda kufupi ndi Indonesia, kumene nyanja imakwera pafupifupi theka la mita kuposa kufupi ndi South America. Pakapita zaka zingapo mphepozi zimafooka, madzi ofundawo n'kubwerera kum'mawa kukaphimba madzi ozizira a ku Peru, ndipo izi ndi zimene timati El Niño. Jacob Bjerknes, mwana wa Vilhelm uja, ndi amene anasonyeza mu 1969 kuti mphepo ndi nyanja zimakokerana pa nkhaniyi. Dziko la Peru linagwira matani opitirira 12 miliyoni a kansomba kotchedwa anchoveta mu 1970, koma El Niño ya 1972 itapeza nsombazo zitachepa kale chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso, usodziwo unagweratu. Kumpoto kwa Indian Ocean kusintha kumachitika chaka ndi chaka: kuyambira June mpaka September mphepo yosintha ndi nyengo yotchedwa monsoon imathamangitsira madzi a kugombe la Somalia kumpoto pa liwiro lofika mamita atatu pa sekondi, ndipo mphepo ikatembenuka chakumapeto kwa chaka madziwo amatembenukanso. Dera limeneli limafuna mapu awiri, ndipo ngati buku lanu lili ndi amodzi okha, auzeni ophunzira kuti akusonyeza nyengo imodzi.

Ngati mukufuna chitsanzo choti ophunzira achilondole ndi chala pa mapu, tengani ndege ya Malaysia Airlines MH370 imene inasowa pa 8 March 2014. Chidutswa cha phiko lake chinapezeka pachilumba cha Réunion, kum'mawa kwa Madagascar, mu July 2015, makilomita pafupifupi 4,000 kuchokera kumene ndegeyo inkafunidwa kumadzulo kwa Australia, ndipo zidutswa zina zinapezeka pambuyo pake ku Mozambique, Madagascar, Tanzania ndi South Africa. Njirayo ndi ya gyre ya Indian Ocean, yozungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Ophunzira akagawa mtundawo ndi miyezi 16 apeza makilomita pafupifupi 8 patsiku, koma muwakumbutse kuti chidutswacho sichinayende mowongoka, komanso kuti chinthu chimene mbali yake ina yatuluka pamwamba pa madzi chimakankhidwanso ndi mphepo mwachindunji. Opulumutsa anthu panyanja amawerengera zonse ziwiri akamafuna bwato losochera.

Pa kaphunzitsidwe, pali zoyesera ziwiri zosafuna ndalama. Choyamba ndi beseni la madzi lowazidwa utuchi: wophunzira akamauzira mpweya mbali imodzi, utuchi umathamangira kutsogolo, n'kugunda khoma la beseni, n'kubwerera cham'mbali. Izi zimaonetsa bwino kukoka kwa mphepo ndi kutchinga kwa makontinenti, koma sizionetsa kukhota kwa Coriolis. Pa kukhotako, bowolani pepala lolimba pakati ndi msomali, wophunzira mmodzi azilizunguza mosemphana ndi mivi ya wotchi pamene wina akujambula mzere motsata rula yosasuntha kuchokera pakati kupita kunja. Dzanja layenda mowongoka, koma mzere wa papepala wakhotera kumanja, monga kumpoto kwa ikweta. Mukazunguza mbali inayo ukhotera kumanzere. Chimene ndikukuchenjezani kuti musaphunzitse ndi nkhani yofala yakuti madzi otuluka m'sinki amazungulira mosiyana kumpoto ndi kum'mwera kwa ikweta. Sinki ndi yaing'ono kwambiri ndipo madzi ake amatha m'masekondi ochepa, choncho kumene azungulirire kumadalira kapangidwe ka sinkiyo ndi mmene madziwo anathiridwira. Muwauzenso kuti zonsezi zikukhudza madzi a pamwamba, mamita mahandiredi angapo, pamene a pansi kwambiri amayenda pang'onopang'ono makamaka chifukwa cha kusiyana kwa kuzizira ndi mchere, ndipo ulendo wawo umatenga zaka pafupifupi 1,000.

Pa za ulendo wanu wa kugombe, mapu a m'buku musawadalire ngakhale pang'ono. Iwo amasonyeza mmene madzi amayendera pakati pa nyanja tikawerengera zaka zambiri, pamene kufupi ndi gombe olamulira ndi mafunde komanso kukwera ndi kuphwa kwa nyanja kumene kumachititsidwa ndi mwezi ndi dzuwa. Choopsa kwambiri kwa osambira ndi madzi obwerera: mafunde akamaswekera pagombe amaunjika madzi pamenepo, ndipo madziwo amabwerera kunyanja kudzera pa kanjira kopapatiza, pa liwiro lotha kuposa la katswiri wosambira. Kanjirako kamanyenga chifukwa kamaoneka kabata, kakuderapo, kopanda thovu, pakati pa malo awiri amene mafunde akusweka, ndipo mwana amene sadziwa amasankha pomwepo poganiza kuti ndi pabwino. Wogwidwa ndi madzi amenewa asalimbane nawo kuti abwerere molunjika kumtunda, koma ayandame, akweze dzanja kuitana thandizo, ndipo ngati angathe asambire motsata gombe mpaka atatulukamo. Ngati mukuganiza zokwera bwato, dziwaninso kuti mphepo ikamawomba mosemphana ndi kumene madzi akupita, mafunde amayandikana n'kukhala okwera kwambiri ndi osongoka. Mu Agulhas zimenezi zimafika poipa moti mapu a oyendetsa sitima amachenjeza za mafunde otha kufika mamita 20, koma ngakhale pamathiriro a mtsinje wamba zimatha kugubuduza bwato laling'ono.

Choncho musanakhazikitse tsiku la ulendowo, funsani a zanyengo a dera limene mukupitalo za mphepo ndi mafunde, pezani ndandanda ya nthawi zimene nyanja imakwera ndi kuphwa, ndipo sankhani gombe lokhala ndi opulumutsa anthu, amene adzakulozerani malo osambira a tsiku limenelo, popeza tinjira ta madzi obwerera timasuntha mchenga ukasuntha. Za bwato, funsani oyang'anira doko kapena asodzi odziwa malowo, ndipo mwana aliyense avale jekete yoyandamitsa. Ngati ophunzira ena akufuna kuzama pa masamu a Ekman ndi Stommel, lemberani dipatimenti ya sayansi ya nyanja kapena ya fizikisi pa yunivesite iliyonse, ndipo bungwe la NOAA, loona za nyanja ndi zanyengo ku United States, limaika pa intaneti mapu osonyeza kumene timakina toyandama tija tili, omwe kalasi ingathe kumawaona sabata ndi sabata n'kumayerekeza ndi mivi ya m'buku.